Merle Oberon, mtsikana wa ku Bombay yemwe Hollywood inkati ndi wa ku Tasmania

Mukatenga magazini iliyonse ya zamafilimu ya m'zaka za m'ma 1930 n'kuyang'ana pomwe alemba za Merle Oberon, nkhani yake mupeza ndi imodzimodzi paliponse. Akuti anabadwira ku Tasmania, chilumba chija chili kum'mwera kwa Australia, bambo ake anali mkulu wa asilikali a Britain amene anamwalira iye ali wamng'ono, kenako anakakulira ku India, ndipo mapepala a kubadwa kwake anapsa ndi moto. Nkhani imeneyi anaibwereza kwa atolankhani kwa zaka zoposa 40. Koma Tasmania yo anali asanapondeko n'komwe. Merle anabadwira ku Bombay, komwe lero timati Mumbai, pa 19 February 1911, dzina lake lenileni linali Estelle Merle O'Brien Thompson, ndipo kunyumba ankangomuti Queenie chifukwa chaka chomwecho Mfumu George V ndi Mfumukazi Mary anakacheza ku India. Anali mkaladi, magazi a chizungu ndi a ku Asia, ndipo chimenechi ndi chomwe anabisa mpaka kumanda.

Ine mzimayi ameneyu ndimamukonda pa filimu, ndinene poyera, koma nkhani ya moyo wake imandivuta mumtima nthawi zonse chifukwa anthu akamaikamba amathamangira mbali ziwiri basi. Ena amati anali wabodza wokana mtundu wake, ena amati anali ngwazi yomwe inapusitsa azungu. Ine zonse ziwirizi sizindikwanira. Bodza lija sanalipeke yekha komanso sanalisenze yekha, panali azimayi ena awiri amene analipira mtengo wake, ndipo awiriwo palibe anawafunsapo maganizo.

Woyamba ndi a Charlotte Selby, omwe Merle ankawatcha amayi. A Charlotte anachokera ku Ceylon, Sri Lanka ya masiku ano, ndipo ali ndi zaka 14 zokha anabereka mwana wamkazi dzina lake Constance, bambo wa mwanayo anali mzungu woyang'anira esiteti ya tiyi. Ife kuno nkhani yotere sitisowa kulongosoleredwa, agogo athu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amaidziwa bwino, atsamunda ake anali omwewo ndipo khalidwe lawo pa atsikana aang'ono a pa esiteti linali lomwelo. Patapita zaka a Charlotte anali ku Bombay, akukhala ndi mzungu wina, Arthur Thompson, injiniya wa ku England yemwe ankagwira ntchito ku njanji za ku India. Ndiye apa mpamene pali chinthu chowawa chomwe chinadziwika mochedwa kwambiri. Setifiketi ya kubadwa kwa Merle itapezeka m'mabuku a boma ku Bombay, pa malo a bambo panali Arthur Thompson, koma pa malo a mayi sipanali Charlotte ayi, panali Constance. Constance yo nthawi imeneyo anali akadali mwana. Tangoganizani, mwana wamng'ono choncho, kupatsidwa mimba ndi mwamuna wa m'nyumba momwemo. Masiku ano tingangoti anagwiriridwa, palibenso mawu ena oti tizungulire nawo. A Charlotte anamutenga khandayo n'kumulera ngati wawo, Merle anakula akudziwa kuti agogo ake ndi amayi ake, ndipo amayi ake omubereka ndi achemwali ake.

Ndiye munthu ukamati Merle anakula n'kuyamba kunama, ukumbukire kuti iye anabadwira kale m'chinsinsi, banja linali litayamba kale kubisa iye asanayambe n'kuyankhula komwe. Arthur Thompson analowa usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kukafera ku Ulaya ndi chibayo, kusiya a Charlotte ndi kamwanako pa umphawi wadzaoneni m'nyumba za lendi za ku Bombay. Mu 1917 anasamukira ku Calcutta, ndipo kumeneko Merle anapeza malo pa sukulu ya atsikana ya La Martinière, sukulu yapamwamba zedi, koma iye analowa ngati mwana wothandizidwa, wosalipira fizi. Anzake ankamunyoza chifukwa cha khungu ndi umphawi mpaka anaisiya sukuluyo.

Anthu ngati iye ku India ankatchedwa Anglo-Indian, ndipo malo awo anali ovuta kufotokoza. Chingerezi ndiye chinali chiyankhulo cha m'nyumba, mayina achizungu, tchalitchi Lamulungu, ntchito zawo zinali za ku njanji, ku positi ofesi, ku ma telefoni ndi unamwino. Koma azungu enieni sankawalola m'makalabu awo, ankawaseka kayankhulidwe, ndipo Amwenye ambiri nawo ankawaona ngati anthu a atsamunda. Merle naye anagwirako ntchito ya pa telefoni ku Calcutta, uku akuchita zisudzo ndi gulu la ongodzipereka la mumzindamo, madzulo akupita kokavina. Pali nkhani yomwe olemba mbiri yake amaikamba, yoti anali pa chibwenzi ndi mzungu wina wamkulu kwa iye yemwe anali atachitako zamafilimu, ndiye tsiku lina bamboyo anaona a Charlotte kunyumba, mayi wakuda khungu, n'kuzindikira kuti chibwenzi chakecho n'chamtundu wanji, chibwenzi chinathera pomwepo. Mtsikana wa zaka 17 akaona zimenezi amaphunzira phunziro limodzi lokha, loti chikondi cha anthu awa chimatha akangoona amayi anga. Ine ndimakhulupirira kuti Tasmania inayambira usiku umenewo, ngakhale dzina lake linali lisanapezeke.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 iye ndi a Charlotte analongedza katundu n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Ulaya. Anadzera ku Nice ku France komwe dayilekita wina, Rex Ingram, ankajambula mafilimu, anamuikako m'gulu la anthu ongodzaza malo, kenako London. Ku London anavutika ndithu, usiku ankagwira ntchito yolandira ndi kuvina ndi alendo m'makalabu pa dzina loti Queenie O'Brien, masana akuyendayenda m'ma situdiyo kufuna timbali ting'onoting'ono topanda n'dzina lomwe pa filimu. Amene anamutola ndi Alexander Korda, bambo wa ku Hungary yemwe anali atangoyambitsa kampani yake ya London Films, ndipo nthawi imeneyo mpamene dzina loti Merle Oberon linabadwa.

Filimu yomwe inamutchukitsa ndi The Private Life of Henry VIII ya 1933, momwe Charles Laughton anasewera mfumu ija ya akazi asanu ndi mmodzi mpaka kupata Oscar, mphotho yapamwamba ya zamafilimu ku Hollywood. Merle mufilimumo alimo mphindi zochepa chabe koyambirira, ndi Anne Boleyn, mkazi wachiwiri wa mfumuyo, pa tsiku loti akadulidwe mutu. Koma abale, mphindi zimenezo. Panja akunola lupanga, anthu akukanganirana malo abwino oonera, mfumu ikukonzekera kale ukwati wina tsiku lomwelo, ndiye iye ali m'chipinda akudziyang'ana pa galasi, akufunsa ngati tsitsi lake likhale bwino mutu ukagwa, akugwira khosi lake n'kunena za kuchepa kwake. Salira, sakuwa, akungoyesetsa kuti nkhope isaonetse zomwe zili mkati. Mtsikana wa zaka 22 yemwe sanapiteko ku sukulu ya zisudzo iliyonse anadziwa kusewera munthu wodzigwira pamaso pa anthu omuyang'anitsitsa, ndipo sindikuganiza kuti anachita kuphunzitsidwa ndi Korda, ameneyo unali moyo wake wa tsiku ndi tsiku.

Tsopano funso ndi loti bwanji anafunika kunama, sakanangonena kuti ndine wa ku Bombay basi? Apa tiyenera kuyang'ana malamulo a nthawiyo chifukwa popanda iwo nkhaniyi imaoneka ngati ya mtsikana wonyada chabe. Mu 1917 America inakhazikitsa lamulo lotseka khomo kwa anthu ochokera ku chigawo chachikulu cha Asia, India ili momwemo. Mu 1923 khoti lalikulu la dzikolo linagamula pa mlandu wa Bhagat Singh Thind, Mmwenye yemwe anali atagwirako usilikali wa America, kuti Amwenye si azungu ndipo sangakhale nzika. Khomo limeneli linadzatseguka pang'ono mu 1946, apo n'kuti akulola anthu 100 okha pa chaka. Ku California komweko, komwe kuli Hollywood, lamulo loletsa ukwati pakati pa azungu ndi mitundu ina linagwira ntchito mpaka 1948. Ndiye ma situdiyo nawo anali ndi malamulo awoawo otchedwa Hays Code, omwe anayamba kuwatsata mwamphamvu mu 1934, ndipo ankaletsa kuonetsa chikondi pakati pa mzungu ndi wakuda, koma pochita zenizeni mantha ake ankafika kwa aliyense amene si mzungu. Tanthauzo lake n'loti mzimayi wodziwika kuti ndi wa ku Asia sakanapsompsona mwamuna wamkulu wa mufilimu, ndipo ngati sungapsompsone mwamuna wamkulu ndiye kuti mbali yaikulu si yako, uzingosewera wantchito kapena mkazi woipa wofa filimu isanathe.

Chitsanzo chake chinali pamaso pake penipeni. Anna May Wong, wobadwira ku Los Angeles, makolo ake a mtundu wa Chitchaina, anali katswiri wodziwika dziko lonse, koma kampani ya mafilimu ya MGM itakonza The Good Earth ya 1937, nkhani ya alimi a ku China, mbali ya mkazi wamkulu sanamupatse. Anapatsa Luise Rainer, mzungu wobadwira ku Germany, anamupaka nkhope kuti aoneke Mtchaina, n'kupata nayo Oscar. Merle zimenezi ankaziona. Ndiye Tasmania inasankhidwa chifukwa inali kutali kwambiri, mtolankhani wa ku London kapena New York sakanavutika kukwera sitima milungu ingapo kukafufuza mabuku a tchalitchi, komanso anthu ankaiona ngati dziko la azungu okhaokha. Nkhope yake yosiyana ndi ya anzake, maso aja, ankangoti n'kukongola kwachilendo, ndipo ma situdiyo ankagulitsa chilendo chomwecho bola dzina lake lenileni lisatchulidwe.

Koma nanga a Charlotte awaike pati? Mayi uja anali wakuda khungu, amavala zakwawo, ndipo ankakhala naye m'nyumba imodzi ku London. Njira yomwe anapeza ndi yomwe imandiwawa kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Alendo akabwera, a Charlotte ankawasonyeza ngati wantchito wa m'nyumba. Mayi amene anamulera pa umphawi, amene anasenza manyazi a mwana wake Constance n'kuwasandutsa ake, amene anasiya dziko lake n'kuwoloka nyanja kukakhala m'dziko lozizira chifukwa cha maloto a mtsikanayu, pamaso pa alendo sankatchedwa amayi. Makolo athu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ine mwambi umenewu ndinakula nawo, sindingaupondereze chifukwa choti ndimakonda mafilimu a munthu. Chinthu chija chinali choipa. Ndikudziwa kuti ena amati a Charlotte wo anavomera, mwina mpaka ndi iwo ankalimbikitsa, poti ndalama za Merle ndi zomwe zinkawadyetsa onse ndipo chinsinsi chikanaululika onse akanabwerera pa umphawi. N'kutheka ndithu, amayi ambiri amavomera zinthu zoopsa kuti mwana apite patsogolo. Koma kuvomera chifukwa palibe njira ina sikuchotsa kuwawa, ndipo ndimadzifunsa kuti alendo akapita, chitseko chikatsekedwa, awiriwo ankayambira pati kucheza.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi anthu omwe amathera pomuloza chala Merle yekha ngati kuti Korda sankadziwa, ngati kuti a zofalitsa nkhani za situdiyo sankadziwa chomwe akulemba, ngati kuti alendo aja amene ankalandira tiyi sakanatuluka m'nyumbamo atauzidwa zoona. Mtsikana anapatsidwa zinthu ziwiri kuti asankhe, amayi ako kapena ntchito yako, ndipo amene anamuikira zimenezi patebulo anafa ndi ulemu wawo wonse, palibe amawatchula abodza.

Samuel Goldwyn, mkulu wopanga mafilimu ku America, atagula gawo la kontirakiti yake, Merle anapita ku Hollywood, ndipo The Dark Angel ya 1935, momwe anasewera ndi Fredric March ndi Herbert Marshall, inamufikitsa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar ya mzimayi wosewera bwino kwambiri. Anapata ndi Bette Davis chaka chimenecho. Goldwyn anamuchotsa maonekedwe achilendo aja n'kumusandutsa mtsikana wamba wa ku England, wa majuzi ndi tsitsi losavuta, ndipo anthu anakhulupirira. Koma ine filimu yake yomwe ndimauza anthu kuti ayambire ndi These Three ya 1936, ya William Wyler, momwe iye ndi Miriam Hopkins ndi aphunzitsi awiri omwe atsegula sukulu ya atsikana, kenako kamtsikana kena koipa mtima kawapekera bodza ndipo makolo onse achotsa ana awo tsiku limodzi. Muone nkhope ya Merle pamene akuzindikira kuti mphekesera yokha yakwana kugwetsa zonse zomwe wamanga. Mantha amenewo sachita kuwafunafuna patali.

Chaka cha 1937 chinamuwawa kawiri. A Charlotte anamwalira. Ndipo ali mkati mojambula I, Claudius ku London, filimu yaikulu ya Korda yomwe dayilekita wake anali Josef von Sternberg, anachita ngozi ya galimoto n'kuvulala kumaso. Filimuyo inali ndi mavuto ake kale, Laughton sankagwirizana ndi dayilekita, ndiye ngoziyo inangopereka chifukwa choitsekera, sinamalizidwe mpaka lero. Kwa munthu amene nkhope ndiye munda wake, zipsera zija zinali nkhani ya moyo ndi imfa.

Anabwerera, ndipo mu 1939 anasewera mbali yomwe anthu ambiri amamudziwa nayo, Cathy mu Wuthering Heights, Wyler yemweyo, Laurence Olivier ngati Heathcliff. Kojambulako sikunali mtendere, Olivier ankafuna kuti mbaliyo ipite kwa Vivien Leigh yemwe anali naye pa chibwenzi, ndiye awiriwa ankangokhalira kukangana, ndipo mapiri a Yorkshire omwe mumawaona mufilimumo ndi a ku California. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimandigwira nthawi zonse. M'buku la Emily Brontë lomwe filimuyi inachokera, Heathcliff ndi mwana wotoledwa m'misewu ya Liverpool, wakuda khungu, wosadziwika kwawo, mpaka munthu wina m'bukumo amaganiza kuti mwina ndi mwana wa amalinyero a ku India. Cathy ndiye mwana wa pakhomo, mzungu. Ndiye pa filimu, mwana wotoledwa uja akuseweredwa ndi mwana wa m'busa wa ku England, pomwe mwana wa pakhomo akuseweredwa ndi Queenie wa ku Bombay. Pali pamalo pena kukhitchini, usiku wa mvula, Cathy akuuza wantchito wawo Ellen kuti kukwatiwa ndi Heathcliff kungamutsitse, osadziwa kuti mwini wakeyo ali kuseri akumva. Lawi la kandulo likugwedezeka, kusonyeza kuti chitseko chatseguka ndipo munthu watuluka, koma Cathy sakuona, akupitiriza kuyankhula mpaka afika pozindikira kuti iye ndi Heathcliff ndi munthu mmodzi, mphezi n'kung'anima pa windo. Merle pamenepo maso ake amachita ngati aona chinthu choopsa, osati chokoma. Kukana munthu amene ndi iwe mwini chifukwa choopa kutsika pamaso pa anthu, ameneyo sanafunike kufotokozeredwa ndi dayilekita. Otsutsa ena amati Merle anali wozizira, wokongola koma wosatentha. Ine ndimaona munthu amene waphunzira kusamasuka, ndipo akapatsidwa mbali ya munthu wobisa kanthu, palibe ankamuposa.

Chaka chomwecho anakwatiwa ndi Korda, ndipo Korda atapatsidwa ulemu wa Sir mu 1942 iye anakhala Lady Korda. Mwana uja ankanyozedwa ku La Martinière.

Nkhani ya khungu lake ndiyofunika kuikamba mosabisa. Merle ankadzola zoyeretsa komanso ankapakidwa mekapu yambiri yowalitsa kuti pa kamera aoneke mzungu, ndipo cha mu 1940 khungu la kumaso linawonongeka kwambiri, madokotala anati ndi poizoni wa zodzoladzola pamodzi ndi mankhwala a sulfa omwe thupi lake linawakana. Anapita ku New York kukapalidwa khungu kangapo, njira yowawa zedi, koma timaenje tinatsalabe. Mafuta oyeretsa khungu mpaka lero ali m'misika mwathu, ndipo tikamaseka mtsikana woyera kumaso koma zala zakuda timaiwala kufunsa kuti anamuuza ndani kuti mmene analili sizikukwana. Merle anali ndi ndalama zopitira kwa madokotala apamwamba a dziko lonse koma khungu silinabwerere.

Amene anamuthandiza ndi munthu wa kamera, Lucien Ballard, yemwe anakumana naye pojambula The Lodger ya 1944. Ballard anapanga kalayiti kakang'ono koika pa kamera penipeni, pafupi ndi lenzi. Nzeru yake ndi yosavuta, chipsera chimaoneka chifukwa kuwala kukachokera m'mbali kumasiya kamthunzi m'kadzenje kalikonse, koma kuwala kukachokera komwe kamera ikuyang'anira mithunzi ija imafafanizika, nkhope imaoneka yosalala, komanso m'maso mumabwera kakunyezimira. Kalayiti kameneka anthu a mafilimu mpaka pano amakatcha Obie, kuchokera pa dzina la Oberon. Merle anasiyana ndi Korda n'kukwatiwa ndi Ballard mu 1945, banja linatha mu 1949.

Zaka zotsatirazo ndidutsa mwachangu chifukwa mafilimu ake ambiri a nthawiyi ndi apakatikati. Anasewera George Sand mu A Song to Remember ya 1945, anapita ku Germany kukajambula Berlin Express ya 1948 pakati pa mabwinja enieni a nkhondo ku Frankfurt ndi Berlin, anakhala Josephine pambali pa Marlon Brando mu Désirée ya 1954. Mu 1957 anakwatiwa ndi Bruno Pagliai, mpondamatiki wa ku Italy wokhala ku Mexico, analera ana awiri, ndipo nyumba yawo ya ku Acapulco inatchuka ndi maphwando a anthu olemera. Filimu yake yomaliza, Interval ya 1973, anaipanga ndi ndalama zomwe anapeza yekha, ndipo mnyamata yemwe anasewera naye, Robert Wolders, ndi amene anadzakhala mwamuna wake wachinayi.

Koma mkati mwa zaka zimenezi muli kanthu kena komwe sindingakadumphe. Mu 1949, patatha zaka 12 a Charlotte atamwalira, Merle anapereka chithunzi chawo chakale kwa wojambula pamanja kuti awajambule, ndipo zojambulazo zinkapachikidwa m'nyumba iliyonse yomwe anakhalamo mpaka imfa yake. Koma anauza wojambulayo kuti khungu aliyeretse. Ndiye pakhoma panali amayi ake, tsopano akutchedwa amayi poyera, koma si nkhope yawo yeniyeni. Munthu amene sakonda amayi ake sangayende ndi chithunzi chawo zaka 30 kuchoka dziko lina kupita lina. Komanso munthu amene mantha amuchoka sangasinthe khungu la munthu wakufa. Zonse ziwiri zinali mwa iye nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimakana kumuika mbali imodzi.

Tasmania nayo inali itamutenga ngati mwana wake. Anthu kumeneko ankanyadira, ndipo panabuka nkhani yawoyawo yoti anali mwana wa mzimayi wina wa Chitchaina wa kumpoto chakum'mawa kwa chilumbacho, mpaka panali okalamba olumbira kuti ankamudziwa ali mwana. Mu 1965 anafika ku Australia koma atayamba kufunsidwa za ubwana wake anati wadwala n'kunyamuka osafika ku Tasmania. Mu 1978 anavomera kupita ku Hobart, likulu la Tasmania, komwe meya wa mzindawo anamukonzera mwambo womulandira ngati mwana wobwera kumudzi. Akuluakulu a mzinda anali atazindikira kale kuti m'mabuku mulibe umboni uliwonse woti anabadwira kumeneko koma mwambo anaupitiriza poopa manyazi. Merle atafika pamalopo anauza anthu kuti sanabadwire ku Tasmania, kenako anati sakupeza bwino n'kuchoka, mafunso osayankha. Mayi wa zaka 67, malamulo onse aja atatha kalekale, India italandira ufulu zaka 31 zapitazo, anakwanitsa kunena komwe sanabadwire koma Bombay sanaitchule. Chaka chotsatira, pa 23 November 1979, anamwalira ku Malibu atadwala sitiroko.

Zoona zinayamba kutuluka iye atapita. Buku la mbiri yake la 1983 la Charles Higham ndi Roy Moseley linaulula za Bombay ndi za a Charlotte, ndipo mu 1985 Michael Korda, mwana wa mchimwene wake wa Alexander, analemba nthano yotchedwa Queenie yotsamira pa moyo wake. Za Constance zinatuluka pambuyo pake, mmodzi mwa ana ake ena atafufuza setifiketi ija n'kupeza kuti munthu amene ankamuyesa mng'ono wa amayi ake anali mlongo wake wa bere limodzi. Pa anthu onse a m'nkhaniyi Constance ndi amene amakambidwa pang'ono kwambiri, a Charlotte bola anapachikidwako pakhoma. Iye anakwatiwa, anabereka ana ena, anatsala ku India, ndipo mwana amene anamubereka iye akadali mwana anali pa zikwangwani za makanema a mumzinda ngati mzungu wa ku Tasmania.

Mu 2023 Michelle Yeoh wa ku Malaysia atapikisana n'kupata Oscar ya mzimayi wosewera bwino kwambiri, manyuzipepala anavutika kuti alembe bwanji. Wopata woyamba wa ku Asia anali iyeyo, pamenepo panalibe mkangano, koma wofika pa mndandanda woyamba sanali iye, ndiye ambiri analemba kuti ndi woyamba amene amadzitchula yekha kuti ndi wa ku Asia, n'kumuika Merle m'ndime yakumunsi. Ena pa intaneti ankati Merle asawerengedwe n'komwe poti anakana yekha. Ine pamenepo sindivomera. Mtsikana wobadwira ku Bombay, woleredwa ndi mayi wa ku Ceylon, wophunzira ku Calcutta, anafika pa mndandanda umenewo ndi filimu ya 1935, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pa Yeoh panadutsa zaka zoposa 80 popanda mzimayi wina wodziwika kuti ndi wa ku Asia kufikapo. Kuchedwa konseko kukusonyeza kuti chomwe Merle ankaopa sichinali chongoganizira, akananena zoona mu 1935 dzina lake silikanalembedwa n'komwe. Awerengedwe, ndipo powerenga atchulenso a Charlotte Selby ndi Constance, chifukwa pa mndandanda uja anafikapo atatu.